Mafunso a Owerenga: Kodi lamulo loletsa achinyamata kuyenda usiku limateteza yani?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya malamulo amene mizinda ya ku America ndi ya maiko ena imakhazikitsa oletsa achinyamata kupezeka panja usiku pofuna kuchepetsa chiwawa.

FUNSO

Akonzi, mng'ono wanga amakhala mu mzinda wina waukulu wa ku America pamodzi ndi mnyamata wake wa zaka 16. Mwezi wathawu anandiimbira foni mawu akunjenjemera, n'kundiuza kuti mwanayo anagwidwa ndi apolisi pamalo odikirira basi nthawi itangodutsa 11 koloko usiku, akuchokera kulesitilanti kumene amatsuka mbale akaweruka kusukulu. Sanabe kanthu, sanamenyane ndi munthu, ndipo m'chikwama chake anangopezamo yunifolomu yakuntchito ndi buku la masamu. Anamusunga kwa maola awiri mpaka mayi ake atafika. Kodi lamulo loti mwana akhale wolakwa chifukwa chongopezeka panja linachokera kuti, nanga n'zoona kuti limachepetsa kuphana?

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zinamuonekera mwana wanuyo. Tiyambe ndi mbali imene ingamuthandize mawa lomwe. Malamulo ambiri amtunduwu anatengera la mzinda wa Dallas, limene linakhazikitsidwa mu 1991 n'kuvomerezedwa ndi khoti la apilo mu 1993. Lamulolo linkaletsa aliyense wosakwana zaka 17 kupezeka panja kuyambira 11 koloko usiku mkati mwa sabata, kapena 12 koloko usiku kumapeto kwa sabata, mpaka 6 koloko m'mawa, koma silinkamuimba mlandu mwana amene ali ndi kholo lake, amene watumidwa ndi kholo, amene akupita kapena kuchokera kuntchito, amene wakumana ndi vuto ladzidzidzi, amene akuchokera kumwambo wa sukulu kapena wa tchalitchi, ngakhalenso amene wangoima kutsogolo kwa nyumba yakwawo. Mng'ono wanu awerenge bwino lamulo la mzinda wawo, ndipo apemphe abwana a mwanayo kuti amulembere kalata yosonyeza nthawi imene amaweruka, yoti aziyenda nayo m'thumba. Komabe muone pamene pagona nkhani. Wapolisi sangadziwe kuti mnyamata akuchokera kuntchito asanamuimitse, choncho ngakhale mwana amene lamulo likumulola kuyenda amayamba waimitsidwa, wafunsidwa, mwinanso wasechedwa, ndipo kusalakwa kwake kumadziwika zonsezi zitachitika kale.

Dzina la lamuloli m'Chingelezi, curfew, linachokera ku mawu a Chifalansa otanthauza kuvundikira moto, chifukwa m'matauni akale a ku Ulaya belu linkalira madzulo kuuza anthu kuti azimitse moto n'kukagona. Kufala kwake ku America monga tikulidziwira lero kunachitika m'zaka za m'ma 1990, pamene malonda a mankhwala ozunguza bongo otchedwa crack anaika mfuti m'manja mwa anyamata ambiri, ndipo anthu ophedwa m'dzikolo anapitirira 24,000 m'chaka cha 1991 chokha. Mu 1994 mzinda wa New Orleans unalamula kuti ana azikhala atalowa m'nyumba pofika 8 koloko madzulo pa masiku a sukulu, ndipo mu 1996 Pulezidenti Bill Clinton anapita kumeneko kukayamikira lamuloli n'kulimbikitsa mizinda ina kuti itengerepo chitsanzo. Pofika 1997, bungwe la mameya a m'dzikolo litafunsa mizinda 347, linapeza kuti 276 inali ndi lamulo lotere.

Umbanda unatsikadi m'zaka zotsatira, ndipo mameya ambiri anadziguguda pachifuwa kuti lamulo lawo lagwira ntchito. Vuto ndi loti unatsikanso m'mizinda imene inalibe lamuloli. New York, mzinda waukulu kuposa yonse m'dzikolo, sunakhazikitse nthawi yoletsa achinyamata kuyenda usiku, komabe anthu ophedwa kumeneko anatsika kuchoka pa 2,245 mu 1990 kufika pa 633 mu 1998. Munthu akamwa mankhwala tsiku limene chimfine chinali chitayamba kale kutha, satenga nthawi kuti ayambe kutamanda mankhwalawo.

Akatswiri ayesa kuona ngati ndi mankhwalawo anachiritsa kapena ayi. Mu 2016 bungwe la Campbell Collaboration, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wochitidwa ndi anthu ena, linaika pamodzi malipoti 12 okhudza nkhaniyi ndipo linapeza kuti malamulowa sachepetsa milandu imene achinyamata amapalamula, komanso sachepetsa chiwerengero cha achinyamata ochitidwa chipongwe. Pali wina amene anapeza zosiyana, ndipo sichingakhale chilungamo kumubisa. Patrick Kline wa ku yunivesite ya California ku Berkeley analemba mu 2012 kuti m'mizinda imene inakhazikitsa lamuloli, kumangidwa kwa achinyamata amene likuwakhudza kunatsika ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse m'zaka zisanu zotsatira. Koma kafukufuku amene ine amandikhutiritsa kwambiri ndi wa ku Washington, chifukwa cha nzeru imene eni ake anachitira. Pa nthawi imene ankafufuzayo, ola loletsa mumzindawo linkasintha lokha chaka chilichonse: mu Julayi ndi Ogasiti linkayamba 12 koloko usiku, koma Seputembala akangofika linkabwerera pa 11 koloko mkati mwa sabata. Ndiye kuti panali ola limodzi, la pakati pa 11 ndi 12, limene sabata ino ana anali ololedwa kuyenda ndipo sabata yamawa anali oletsedwa, m'misewu yomweyo ndi apolisi omwewo. Jillian Carr ndi Jennifer Doleac sanadalire madandaulo a anthu okha, koma anagwiritsa ntchito zipangizo za ShotSpotter, zimene zimaikidwa pamwamba pa nyumba ndi pamitengo ya magetsi n'kumamva kulira kwa mfuti. Anapeza kuti pa ola limenelo, lamulo likayamba kugwira ntchito, kuwombera kunkawonjezeka kuposa kawiri, pamene mafoni oitana apolisi ankachepa. Tanthauzo lake si lovuta kumvetsa. Msewu ukakhala pululu, mboni zimasowa, ofuna kuwomberana amamasuka, ndipo palibe woimba foni chifukwa amene akanaona ali m'nyumba.

Palinso nkhani ya nthawi. Ziwerengero za boma la America zakhala zikusonyeza kwa zaka zambiri kuti pa masiku a sukulu, chiwawa chochitidwa ndi ana osakwana zaka 18 chimafika pachimake cha m'ma 3 koloko masana, ana akangoweruka, osati pakati pa usiku. Ambiri mwa amene amawombera kapena kuwomberedwa m'mizindayi ndi anthu a zaka 18 kupita m'mwamba, amene lamuloli siliwakhudza n'komwe. Mu Meyi 2022 mnyamata wa zaka 16 anawomberedwa n'kufa ku Millennium Park, pakatikati pa mzinda wa Chicago, ndipo meya Lori Lightfoot anayankha poletsa ana opanda wamkulu kulowa m'pakiyo ikadutsa 6 koloko madzulo kuyambira Lachinayi mpaka Lamlungu, komanso posuntha ola loletsa la kumapeto kwa sabata mumzinda wonse kuchoka pa 11 kufika pa 10 koloko. Mnyamatayo anaphedwa cha m'ma hafu pasiti 7 madzulo, nthawi imene lamulo la 11 koloko kapena la 10 koloko silikanaikhudza. Ine ndikuona kuti mizinda imakakamirabe lamuloli chifukwa ndi lotchipa ndipo limaoneka msanga. Mwana akaphedwa Loweruka, meya amayenera kuima pamaso pa atolankhani Lolemba ali ndi chonena, ndipo kusintha nambala imodzi m'buku la malamulo sikulira ndalama ngati kutsegula holo yamasewera kapena kulemba ntchito alangizi a ana.

FUNSO

Akonzi, ndaphunzitsa kwa zaka zoposa 30 ndipo sindinaonepo chabwino chimene mwana wa zaka 15 amapeza mumsewu pakati pa usiku. Ndikamamvetsera mikangano ya ku America, ndimadabwa kuti nkhani yoti ana azilowa m'nyumba msanga imasanduka nkhani ya khungu. Lamulo silitchula wakuda kapena mzungu, limangotchula zaka ndi nthawi. Ndamvanso kuti mameya ena amene amalikhwimitsa ndi anthu akuda. Kodi kulira tsankho kumeneku si njira yongothawira mwambo?

Mphunzitsi wopuma ntchito

YANKHO

Aphunzitsi, mwanena zoona pa mfundo zonse ziwiri, ndipo amene amatsutsa lamuloli amalakwitsa akamalankhula ngati kuti ndi azungu okha amalifuna. Mu Ogasiti 2011, magulu a achinyamata ataukira anthu odutsa m'misewu ya pakati pa Philadelphia, meya Michael Nutter, amene ndi wakuda, analamula kuti osakwana zaka 18 asapezeke m'maderawo ikadutsa 9 koloko usiku Lachisanu ndi Loweruka, ndipo ataima paguwa m'tchalitchi cha Mount Carmel Baptist anadzudzula anyamata akuda kuti anyozetsa mtundu wawo womwe. Mu 2014 mzinda wa Baltimore, motsogozedwa ndi meya wakuda Stephanie Rawlings-Blake, unakhazikitsa limodzi mwa malamulo okhwima kwambiri m'dzikolo, loti ana osakwana zaka 14 azilowa pofika 9 koloko. Kuyambira 2020 mfuti ndi imene ikupha ana ndi achinyamata ambiri ku America kuposa ngozi zapamsewu, ndipo amene akuikidwa m'manda mochuluka ndi anyamata akuda. Mayi amene wamva mfuti ikulira kuseri kwa nyumba yake n'kukapempha khonsolo kuti ichotse ana mumsewu sakulakwa, ndipo palibe amene ali ndi ufulu womuseka.

Koma walira mvula walira matope. Mayi ameneyu akapempha lamulo, wapemphanso munthu wolikhwimitsa, ndipo munthuyo ndi wapolisi wonyamula mfuti amene adzakumane ndi mwana wake mumdima. Apa ndi pamene mwambo umene mukunena umasiyana ndi lamulo la mzinda. Kholo likauza mwana kuti 9 koloko imupeze m'nyumba, wolamula ndi munthu amene amamudziwa mwanayo dzina, amadziwa kumene wapita, ndipo chilango chake chimathera pakhomo. Mzinda ukanena mawu omwewo, mwana wochedwa amatha kulembedwa m'mabuku a apolisi, makolo ake amatha kulipitsidwa chindapusa, chimene m'lamulo la Dallas chinkafika madola 500, ndipo banja losauka likalephera kulipira kapena kukaonekera kukhoti, mlandu waung'ono umabala waukulu.

Mwanena kuti lamulo silitchula khungu. Lero silitchuladi, koma linkatchula, ndipo anthu akukumbukira. M'nthawi ya ukapolo, madera ambiri a ku America anali ndi malamulo oletsa akapolo kuyenda usiku popanda kalata ya mbuye wawo, ndipo panali magulu a azungu oyendayenda pa akavalo amene ntchito yawo inali kuimitsa wakuda aliyense n'kumufunsa kalatayo. Ukapolo utatha, matauni ambiri anaika zikwangwani polowera zochenjeza anthu akuda kuti dzuwa lisawalowere ali m'tauniyo. Mu 1942 boma la America linaletsa anthu amtundu wa Chijapani okhala kugombe la kumadzulo kutuluka m'nyumba kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo wophunzira wina, Gordon Hirabayashi, atakana kumvera, khoti lalikulu linagamula mu 1943 kuti boma silinalakwe. Ku France nako, mu Okutobala 1961 mkulu wa apolisi ku Paris, Maurice Papon, anaika chiletso chausiku kwa anthu ochokera ku Algeria okha, ndipo iwo atachita zionetsero zamtendere pa 17 Okutobala, apolisi anapha ambiri, ena n'kuponyedwa mumtsinje wa Seine. Pamene zipolowe zinabuka m'madera a anthu osauka ozungulira Paris mu 2005, boma linafukula lamulo la 1955, la nthawi ya nkhondo ya ku Algeria, kuti liike ziletso zausiku, ndipo adzukulu a anthu a mu 1961 aja sanafunike wowamasulira.

Komabe mbiri yokha sikwanira kutsimikiza kuti lamulo la lero ndi latsankho. Chimene chimatsimikiza ndi kayendetsedwe kake. Usiku uliwonse wa chilimwe, mumzinda waukulu mumakhala ana zikwi zambiri amene ali panja ola loletsa litadutsa, ndipo palibe polisi imene ingawagwire onse. Choncho wapolisi amasankha, ndipo amasankha pakati pa ana amene akuwaona, m'madera amene akuluakulu ake amutumiza. Mwana wa banja lolemera akachedwa, amachedwa ali m'galimoto, kapena ali kuseri kwa mpanda wa nyumba ya mnzake kumene kuli bwalo lalikulu. Mwana wa banja losauka amachedwa ali pamalo odikirira basi, kapena atakhala pamasitepe a nyumba yosanja chifukwa m'kachipinda kawo mukutentha ndipo muli anthu ambiri. Onse awiri aphwanya lamulo limodzi, koma woonekera ndi mmodzi, ndipo chifukwa cha mmene mizinda ya ku America inagawidwira m'zaka zambiri za tsankho pa nkhani ya nyumba, woonekerayo kawirikawiri amakhala wakuda kapena wochokera ku Latin America.

Kuti tidziwe zimene zimachitika apolisi akapatsidwa mphamvu yosankha pa milandu yaing'ono, tili ndi umboni wa boma lenilenilo. Michael Brown, wa zaka 18, ataphedwa ndi wapolisi ku Ferguson mu Ogasiti 2014, unduna wa zachilungamo unafufuza polisi ya tauniyo n'kutulutsa lipoti mu Malichi 2015. Anthu akuda anali 67 pa 100 alionse okhala m'tauniyo, koma anali 93 pa 100 alionse omangidwa, ndipo pa mlandu wongoyenda molakwika mumsewu, umene wapolisi amatha kuuona kapena kuulekerera mmene wafunira, anali 95 pa 100 alionse. Ku New York, m'chaka cha 2011 chokha apolisi anaimitsa anthu mumsewu maulendo 685,724, pafupifupi 9 mwa 10 alionse anali akuda kapena a ku Latin America, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse anamasulidwa opanda mlandu. Mu 2013 jaji Shira Scheindlin anagamula kuti mchitidwewu unkaphwanya malamulo aakulu a dzikolo. Lamulo la ku America limafuna kuti wapolisi akhale ndi chifukwa chomveka chokayikira munthu asanamuimitse, koma lamulo loletsa kuyenda usiku limamupatsa chifukwacho kwaulere, popeza ola likangokwana, nkhope yachinyamata yokha ndi yokwanira.

Nkhani ya nkhope ndi yofunika kuimapo pang'ono, chifukwa zaka za munthu sizilembedwa pachipumi. Mnyamata wa zaka 20 wooneka wamng'ono adzaimitsidwa mobwerezabwereza pa lamulo limene silimukhudza. Mbali inayo ndi yoopsa kwambiri. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Phillip Atiba Goff, amene anatuluka mu 2014, anapeza kuti anthu, kuphatikizapo apolisi, akaonetsedwa zithunzi za anyamata akuda oganiziridwa milandu ikuluikulu, ankawawonjezera zaka pafupifupi zinayi ndi theka. Mu Novembala chaka chomwecho, Tamir Rice wa zaka 12 anawomberedwa ndi wapolisi m'paki ku Cleveland akusewera ndi mfuti yachidole, patangodutsa masekondi pafupifupi awiri galimoto ya apolisi itaima, ndipo wapolisi wina pofotokoza pawayilesi ananena kuti wowomberedwayo mwina ndi wa zaka 20. Imfa imeneyi inachitika masana ndipo sinakhudzane ndi lamulo lausiku, koma ndi imene imakhala m'mutu mwa kholo lakuda likamva kuti mzinda wawonjezera zifukwa zoti apolisi azikumana ndi mwana wake. Lamulo limamutcha mwana pomuletsa kuyenda, koma womuimitsayo amatha kumuona ngati bambo.

Lamulo la ku Chicago la 2022 lija linali ndi kachigawo kamene kanaulula zambiri. Linkalola mwana kukhala panja mochedwa ngati akuchokera kumwambo wolowa ndi tikiti ndipo ali ndi umboni wake. Otsutsa anafunsa nthawi yomweyo kuti kodi ndi ana a yani amene angakwanitse kugula tikiti ya chikondwerero cha nyimbo cha Lollapalooza, nanga ndi ana a yani amene chisangalalo chawo chaulere chinali kukwera sitima kuchokera kumadera a kummwera ndi kumadzulo kwa mzindawo kukakhala m'paki ya anthu onse. Mkanganowu sunathe. Mu Juni 2025 makhansala a Chicago anavomereza, ndi mavoti 27 kwa 22, kuti mkulu wa apolisi azitha kulengeza chiletso pamalo alionse atapereka chenjezo la mphindi 30 zokha, pofuna kuthana ndi makamu a achinyamata oitanizana pa intaneti. Meya Brandon Johnson, amene ndi wakuda ndipo anali mphunzitsi ngati inu, anakana lamulolo, ndipo aka kanali koyamba kuti meya wa mzindawo akane chigamulo cha khonsolo kuyambira 2006. Mzinda wa Austin ku Texas unathetsa lamulo lake mu 2017, anthu atadandaula kuti linkagwera kwambiri ana akuda ndi a ku Latin America, ndipo kuyambira pa 1 Seputembala 2023 chigawo chonse cha Texas, chimene si cha anthu ofewa pa nkhani zaumbanda, chinaletsa mizinda yake kukhala ndi malamulo otere. Dallas, amene mizinda yambiri inakopera, ali m'chigawo chimenecho.

Choncho, aphunzitsi, sindikuona kuti odandaulawa akuthawa mwambo. Ambiri mwa iwo ndi makolo amene amaumiriza ana awo kulowa msanga kuposa mmene lamulo likunenera, ndipo chimodzi mwa zifukwa zawo ndi kuopa apolisi omwewo.

FUNSO

Akonzi, ndikuphunzira zamalamulo ndipo ndikufuna kudziwa ngati khoti lalikulu la America linagamulapo kuti malamulowa ndi ovomerezeka kapena ayi.

Wophunzira wa chaka chachiwiri

YANKHO

Silinagamulepo. Mu 1976 linakana kumva mlandu wa Bykofsky wochokera ku tauni ya Middletown ku Pennsylvania, ngakhale kuti jaji Thurgood Marshall, wakuda woyamba kukhala m'khotilo, analemba kuti mlanduwo unayenera kumvedwa. Chifukwa cha zimenezi makhoti a apilo amagamula mosiyana. Lamulo la Dallas linapulumuka mu 1993 pa mlandu wa Qutb, ndipo la Washington linapulumuka mu 1999 pa mlandu wa Hutchins, pamene la San Diego linathetsedwa mu 1997 pa mlandu wa Nunez chifukwa mawu ake anali osamveka bwino ndipo silinasiye mpata wokwanira wa ufulu wolankhula ndi wosonkhana, komanso la tauni ya Vernon ku Connecticut linathetsedwa mu 2003. Mukamawerenga zigamulozi muone mafunso awiri amene amabwerezedwa: ngati mwana ali ndi ufulu woyenda wofanana ndi wa wamkulu, komanso ngati boma lingalande kholo udindo wosankha nthawi imene mwana wake ayenera kulowa.

FUNSO

Akonzi, n'kosavuta kunena kuti lamuloli silithandiza, koma ana akufa. Kodi mzinda ungopinda manja? Ngati pali njira ina imene inayesedwa n'kugwira ntchito, tiuzeni.

Bambo wa ana anayi

YANKHO

Bambo, funso lanu ndi limene otsutsa lamuloli ayenera kuliyankha asanatsegule pakamwa, ndipo mwayi wake yankho lilipo. Pakati pa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku yunivesite ya Harvard otsogozedwa ndi David Kennedy anakhala pansi ndi apolisi a ku Boston n'kuwerenga imfa za achinyamata imodzi ndi imodzi. Anapeza kuti anyamata pafupifupi 1,300 a m'magulu achiwawa, osakwana mmodzi pa 100 alionse a msinkhu wawo mumzindawo, ankakhudzidwa ndi imfa zosachepera 60 pa 100 zilizonse. Lamulo lausiku limaganiza ngati kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, n'kuponya khoka pa ana onse, pamene chiwerengero chimenechi chikusonyeza kuti ochita chiwawa ndi ochepa ndipo amadziwika mayina. Mu 1996 mzindawo unayamba ntchito yotchedwa Operation Ceasefire. Anyamatawo ankaitanidwa m'chipinda chimodzi ndi apolisi, oimira boma pa milandu, abusa a mipingo ya anthu akuda ndi alangizi a m'madera, n'kuuzidwa maso ndi maso kuti mmodzi wa gulu lawo akawombera munthu, gulu lonse lidzafufuzidwa pa mlandu uliwonse umene lili nawo, koma amene akufuna kusiya adzathandizidwa kupeza ntchito kapena sukulu. Imfa za achinyamata pamwezi zinatsika ndi 63 pa 100 alionse. Njirayi sinagwire ntchito mofanana kulikonse kumene inayesedwa, ndipo ku Boston komweko imfa zinakweranso itasiyidwa, koma umboni wake ndi wolimba kuposa wa lamulo lausiku.

Okonda lamuloli amatchula kawirikawiri dziko la Iceland, kumene ana a zaka 12 kutsika m'munsi saloledwa panja okha ikadutsa 8 koloko madzulo, a zaka 13 mpaka 16 ikadutsa 10 koloko, ndipo m'chilimwe amawonjezeredwa maola awiri. N'zoona kuti kumwa mowa pakati pa achinyamata kunatsika kwambiri kumeneko. Koma oyenda usiku kukumbutsa ana kuti azipita kwawo amakhala makolo a m'deralo, ndipo mzinda wa Reykjavik, likulu la dzikolo, umapatsa banja lililonse thandizo la ndalama zolipirira masewera, nyimbo kapena luso lina la mwana. Kutenga ola lokha n'kusiya zina zonsezi ndi kutenga chivundikiro n'kusiya mphika. Mzinda wa Baltimore unayesa kuyandikira njira imeneyi mu 2023, pamene meya Brandon Scott anakhwimitsanso lamulo lausiku koma n'kuika patsogolo ogwira ntchito amene si apolisi kuti azilankhula ndi ana ndi kuwaperekeza kumalo owasungira kumene makolo angakawatenge.

Chicago yomweyo ili ndi chitsanzo chimene sichimveka kwambiri m'mikangano ya makhansala. M'chilimwe cha 2012, ophunzira 1,634 ochokera kusukulu za m'madera achiwawa kwambiri anachitiridwa maere, ena n'kupatsidwa ntchito ya milungu 8, ya maola 25 pa sabata pa malipiro a madola 8.25 pa ola, ena osapatsidwa. Popeza anasankhidwa mwa maere, magulu awiriwa anali ofanana pa china chilichonse. Sara Heller anawatsatira kwa miyezi 16, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2014 m'magazini ya Science, zinasonyeza kuti amene anapatsidwa ntchito anamangidwa pa milandu yachiwawa mochepera ndi 43 pa 100 alionse poyerekeza ndi anzawo. Wina angaganize kuti anangosowa nthawi yopalamula chifukwa anali otanganidwa, koma kusiyana kwakukulu kunaoneka ntchitoyo itatha kale, m'miyezi imene anyamata ndi atsikanawo anali atabwerera m'misewu yomwe ija, usana ndi usiku, opanda wowayang'anira.